Njira ya mwana imathera pamene payambira mdima

 

Chaka chilichonse mwezi wa Juni ukafika, ife aphunzitsi a madrasa timaona chinthu chimodzi m'kaundula wa ana. Mayina amene m'mwezi wa Januwale amayankha tsiku ndi tsiku amayamba kusowa. Ena amabwera ndithu, koma dzuwa likangopendeka amayamba kusuzumira pawindo, ndipo posakhalitsa mkono uli m'mwamba: "Mwalimu, amayi anati ndisachedwe." Kwa zaka zingapo tinkaganiza kuti vuto ndi kuzizira kwa mwera kapena ulesi chabe. Chaka chatha tinapita kukacheza kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi wa zaka 10, wakhama zedi pa kuwerenga, anali atajomba masabata awiri. Mayiwo anatiyalira mkeka, ndipo titalonjerana anatiyankha mosabisa mawu.

"Mwalimu, inu mumawerutsa ana dzuwa lili pafupi kulowa. Mwana wangayu kuti afike pano ayenera kudutsa pa mango paja, kenaka pakhwawa, kenaka awoloke msewu. Masana ndilibe nazo nkhawa. Nanga kukada, adzandiperekezera ndinu?"

Tinasowa choyankha. Kuchokera pa madrasa kufika pakhomopo ndi ulendo wa mphindi 15 zokha, ndipo mbali yaikulu ya njirayo imadutsa m'makomo a anthu odziwana. Malo amene mayiwo ankaopa anali atatu okha, ndipo onse kuwaphatikiza sakwana n'komwe kutalika kwa bwalo la mpira. Koma malo atatuwo ndi amene anachititsa kuti mwana asiye maphunziro. Kuyambira tsiku limenelo tinazindikira kuti kholo likamaganiza zolola mwana kuyenda yekha, limawerenga malo a mdima amene ali panjira koposa kutalika kwa njirayo.

Dzuwa lathu silizengereza

Tiyambe ndi dzuwa lenilenilo. Kuno kunyanja, m'mwezi wa Januwale dzuwa limalowa 6 koloko itapitirira pang'ono, pamene m'mwezi wa Juni limalowa hafu pasiti faifi isanakwane. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ola lathunthu, ndipo ola limenelo ndi lomwe ana amakhala akuchokera ku madrasa, kuchigayo, kumjigo kapena kumpira. Kumalo kumene kuli mapiri chakumadzulo, monga ku Monkey Bay, mthunzi umafika m'mudzi dzuwa lisanalowe n'komwe. Chinanso n'chakuti kwathu kuno chisisira n'chachifupi. Dzuwa likalowa sipatha theka la ola nkhope ya munthu isanayambe kusokonekera. Mwana amene wanyamuka kukuwala akhoza kufika kwawo kuli bii. M'mawa nazonso n'chimodzimodzi: mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, choncho ana amene sukulu ili kutali amanyamuka kusanayere bwino.

Nanga mdimawo timaugonjetsa ndi chiyani? Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo oposa theka ankadalira matochi ndi nyale za mabatire. Kuchokera nthawi imeneyo nyale za sola zachuluka m'midzi, ndipo koloboyi wayamba kuiwalika. Koma taonani kumene kuwalako kwapita: kuchipinda, pabalaza, pakhonde, pagolosale. Aliyense waunikira pake. Njira, imene ili ya tonse, yatsala ilibe mwini.

Kale tinkayendera mwezi

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja tikukumbukira kuti tili ana, kalendala yathu inali mwezi. Mwezi ukawala mbee, tikangotha kudya mudzi wonse unkadzaza ndi phokoso la chipako ndi chibisalirano. Tinkathamanga kuchokera pabwalo la amfumu mpaka kumchenga, ndipo m'masewera amenewo tinadziwa chitsa chilichonse, dzenje lililonse ndi galu wa khomo lililonse. Mwezi ukapita kumdima tinkakhala pafupi ndi moto kumvera nthano ndi ndagi za agogo.

Koma tisanamize mwezi kuti ndiwo unkatiteteza. Akuluakulu amati mwezi satungira mkanda, ndipo n'zoona, kuwala kwake n'kochepa. Chimene chinkatisunga ndi anthu. Amayi ankakhala panja kusenda chinangwa kapena kutongola chimanga, abambo ankasoka maukonde pakhonde, ndipo nyumba zinalibe mipanda ya njerwa. Mwana akadutsa, mawu ankachokera mumdima: "Kodi ndiwe yani? Ukupita kuti usiku uno?" Ukayankha, mawuwo ankakuperekeza mpaka khomo lotsatira.

Pali chinthu china chimene ife a kunyanja tokha tingachimvetse. Usipa umaphedwa ndi nyale usiku wa mdima. Masiku amene kulibe mwezi, nyanja imaoneka ngati tauni chifukwa cha nyale za asodzi, pamene mudzi uli mu mdima wa ndiweyani. Mwezi ukakhala wathunthu asodzi ambiri amapumula. Tanthauzo lake n'lakuti usiku umene njira zadetsetsa ndi womwewo umene abambo, amalume ndi achimwene apita panyanja pamodzi ndi nyale zabwino zonse. Pamudzi pamatsala amayi, agogo ndi ana. Tikamakamba za kuyenda kwa ana madzulo, zimenezi tisaziiwale.

Lero zambiri zasintha. Anthu akadya amalowa m'nyumba kukaonera kanema kapena kuweramira foni. M'matauni ang'onoang'ono mipanda yatalika, ndipo pakati pa mipanda iwiri pamatsala kanjira kopanda windo ngakhale limodzi loyang'anako. Kumadooko kumabwera alendo ambiri ogula nsomba amene sadziwa kuti mwana uyu ndi wa yani. M'misewu mwadzaza njinga zamoto za kabaza zimene tili ana kunalibe.

Zoopa zenizeni ndi zoopa za m'nthano

Ambiri a ife tikafuna kuti mwana asatuluke timamuopseza ndi afiti, mizukwa kapena anamapopa. Njira imeneyi imagwira ntchito msanga, koma imabala mwana wamantha amene sadziwa choopsa chenicheni. Amathawa chitsa poganiza kuti ndi mzukwa, nathamangira mumsewu. Ndi bwino kumuuza zoona, pakuti zoonazo n'zokwanira.

Choopsa choyamba ndi msewu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Usiku, woyendetsa amene wachepetsa magetsi ake amaona munthu wovala zakuda ali kale pafupi kwambiri, mwakuti pamene phazi likufika pabuleki mtunda wambiri watha. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana akaona magetsi a galimoto ali kutali amaganiza kuti nayenso waonedwa. Pano tiyenera kudzifunsa ife eni: mnyamata wovala mkanjo woyera amaonekera patali, koma mtsikana wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi saoneka mpaka galimoto itamuyandikira. Mpango woyera kapena kansalu konyezimira, konga kamene kali pa majekete a akabaza, kosokerera pachikwama cha mabuku, sikachotsa ulemu wa chovala ndipo kangapulumutse moyo.

Chachiwiri ndi zolengedwa za usiku. Mphiri imakonda kugona panjira kukada ndipo sithawa ikamva mapazi. Mvuu imatuluka m'madzi usiku kukadya msipu, ndipo munthu wopezeka pakati pa mvuu ndi madzi ali pangozi yaikulu. Ng'ona imadikirira m'mphepete mwa madzi chisisira ndi mbandakucha, nthawi yomwe ana amatumidwa kukatunga madzi kapena kukatsuka mbale. Udzudzu wofalitsa malungo nawo umaluma makamaka usiku.

Chachitatu ndi anthu a mtima woipa. Apa tinene mosapsatira. Ana ambiri amene amachitidwa nkhanza amachitidwa ndi munthu amene akumudziwa, osati mlendo wobisala patchire. Choncho kutsekera mtsikana m'nyumba sikokwanira kumuteteza. Chimene chimamuteteza koposa ndi kudziwa kuti akanena chimene chamuchitikira kapena chamuopsa, amayi ndi abambo adzamumvera osamukalipira.

Vuto si lathu lokha

Nkhani ya ana oyenda okha yafufuzidwa kwambiri kunja. Ku England, Mayer Hillman ndi anzake anapeza kuti mu 1971 ana 80 pa 100 aliwonse a zaka 7 ndi 8 ankapita kusukulu popanda wamkulu wowaperekeza, koma pofika mu 1990 anatsala 9 okha pa 100 aliwonse. Chifukwa chachikulu chimene makolo ankapereka chinali kuopa magalimoto. Mu 2015 bungwe la Policy Studies Institute la ku London linafalitsa kafukufuku woyerekeza mayiko 16, kuphatikizapo South Africa. Ana a ku Finland ndiwo anapezeka ndi ufulu woyenda okha woposa onse, ndipo pa zilolezo zonse zimene makolo amapereka, chimene ankachimana kwambiri ndi chotuluka kunja kukada.

Dziko la Finland lili ndi phunziro kwa ife. Kumeneko nyengo yozizira dzuwa limaoneka maola ochepa okha, ndipo ana amapita kusukulu kusanache. Mdima wawo ndi wautali kuposa wathu, komabe ana amayenda okha. Njira za oyenda pansi n'zounikiridwa, ndipo kuvala kachipangizo konyezimira pachovala ndi chizolowezi cha ana ndi akulu omwe. Anthu amenewa sanathetse mdima, anangokonza njira kuti mwana azitha kudutsamo.

Kodi mwana amataya chiyani akamangokhala pakhomo? Amataya maphunziro a madzulo, monga mtsikana tamutchula uja. Amataya anzake ndi masewera olimbitsa thupi. Sadziwa mudzi wake, sadziwa khomo lothawirako zinthu zikavuta, ndipo saphunzira kuweruza yekha kuti apa n'pabwino, apa n'poipa. Amene amataya kwambiri ndi atsikana, pakuti mchimwene wake amaloledwa kubwera Isha itadutsa, pamene iye dziko lake limathera pampanda dzuwa likangolowa. Tsiku lina mwana ameneyu adzapita kusekondale kapena kutauni, ndipo adzayenda yekha asanaphunzirepo kuyenda yekha. M'mera mpoyamba.

Si kuwala konse kumene kumathandiza

Wina anganene kuti mankhwala ake n'ngosavuta: tiike magetsi paliponse. Koma tiyeni tiyende madzulo pa malo aliwonse a malonda m'mbali mwa nyanja, tione pamene pakuwala. Ndi pamalo omwera mowa, poonetsera kanema ndi posewerera pulu. Ana ali ngati ngumbi, amapita kumene kuli nyale. Ngati malo okhawo owala m'dera ndi amenewa, tisadabwe kuwapeza ataunjikana pamenepo.

Palinso nyale zimene zimawonjezera mdima. Maso a munthu amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima bwinobwino, koma kuwala kwamphamvu kumafafaniza kuzolowerako m'kanthawi kochepa. Getsi lamphamvu la pampanda loloza kumaso kwa odutsa limathobwa m'maso, ndipo mwana akangolipitirira amalowa mumdima woposa poyamba. Kuseri kwa getsi lotere kumakhalanso mthunzi wakuda bii momwe munthu angabisalemo. Nyale zing'onozing'ono zingapo zoloza pansi, zotalikirana moti ukaima pa ina uziona inzake, zimathandiza koposa getsi limodzi lalikulu. Ndipo nyale imathandiza kwenikweni pamene pali maso a anthu. Kuunikira malo amene palibe khomo loyang'anapo kumachotsa mantha a njoka ndi dzenje, koma mwana akakuwa palibe womumva.

Zimene tinayesa kwathu

Titachoka kwa mayi aja tinaitana makolo. Tinagwirizana kuti tsiku lina tikangoswali Magharibi tiyende njira za anawo pamodzi ndi ana eni ake, iwo patsogolo ife pambuyo. Tinaphunzira zambiri madzulo amenewo. Ana anationetsa dzenje loumbira njerwa limene udzu unalibisa. Anationetsa khomo la galu wolusa limene ankalizemba podzera kutchire. Atsikana awiri, atalimba mtima, anatiuza za kagolosale kena kamene anyamata amakhalapo n'kumawaitana mayina achipongwe. Palibe kholo limene linkadziwa zimenezi, chifukwa palibe amene anafunsapo.

Zimene tinachita sizinali zodula. Kuyambira Meyi mpaka Julayi tinayamba kulowa msanga ndi kuweruka msanga, kuti mwana wakutali kwambiri azifika kwawo dzuwa lisanalowe. Anyamata akuluakulu anatchetcha udzu pakhwawa ndi kukwirira dzenje lija. Bambo wina wokhala pafupi ndi mango aja anavomera kusamutsa babu lake la sola kuchoka pakhonde kupita pangodya ya nyumba, pamene limaunikira pakhomo ndi njira yomwe. Akuluakulu awiri anapita kukalankhula ndi mwini golosale. Ana tinawagawa m'magulu molingana ndi kumene amachokera, gulu lililonse ndi wamkulu wake wonyamula tochi, ndipo tinasankha malo amodzi owolokera msewu, pamene palibe khona.

Sitikunamizani kuti zonse zinayenda bwino. Nyale ya sola imene tinasonkherana n'kuika pakhwawa inabedwa isanathe miyezi iwiri, chifukwa tinaimangirira pamtengo patali ndi nyumba. Yachiwiri tinaikhoma pakhoma la nyumba yoyandikira, ndipo mwini nyumbayo ndiye amapukuta fumbi pa sola yake. Imeneyo ikadalipo. Msewu nawo ukadali woopsa monga kale. Koma mtsikana uja anabwerera m'kalasi, ndipo chaka chino mu Juni dzina lake silinasowe m'kaundula.

Kumasula chingwe pang'onopang'ono

M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadisi yochokera kwa Jabir imene tanthauzo lake ndi lakuti Mtumiki (SAW) analangiza makolo kusunga ana pafupi pamene usiku ukungoyamba, ndipo pakapita kanthawi awamasule. Ambiri timakumbukira mbali yoyamba yokha. Malangizowa ali ndi mbali ziwiri, kusunga ndi kumasula, ndipo nzeru ya kholo ili pa kudziwa nthawi ya chilichonse. Tinaphunzitsidwanso kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Ngati kuchotsa minga ndi sadaka, sitikayika kuti woloza babu lake kunjira kuti ana a anzake adutse bwino ali ndi malipiro ake.

Malangizo athu kwa makolo ndi awa. Mwana wamng'ono, amene sanayambe kuweruza bwino liwiro la galimoto, asatumidwe yekha kukada, ngakhale kukagula machesi pafupi. Wokulirapo ayambe ndi njira zazifupi zodziwika, ali ndi anzake. Muyende naye njirayo masana, kenaka madzulo, kenaka mumusiye atsogole inu muli pambuyo. Mumuonetse makomo awiri kapena atatu amene angagogode zinthu zikavuta, ndipo eni makomowo muwadziwitse. Anene kumene akupita, amene akupita naye ndi nthawi yobwerera. Avale nsapato, anyamule tochi yoloza pansi, ndipo mumsewu ayende kudzanja lamanja kuti magalimoto aziwaona akubwera kutsogolo kwake. Kumadzi asapite kukada. Akasunga pangano, muwonjezereni mtunda. Akaphwanya, mubwezeni pang'ono, koma musamutsekere mpaka kalekale. Malamulo amenewa akhale amodzi kwa mnyamata ndi mtsikana. Ngati njira ili yoipa kwa mtsikana, chofunika kukonza ndi njirayo.

Konzekerani Ramadhani

Nthawi imene ana athu amayenda usiku koposa ina iliyonse ndi ya Ramadhani, popita ndi pochokera ku tarawehe. Ubwino wake n'ngwakuti mwezi umatiuziratu za mdima. Masiku oyambirira mwezi umakhala wowonda ndipo umalowa msanga. Pa tsiku la 7, pamene uli theka, kuwala kwake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo mpaka cha pa 15 kapena 16 njira zimawala bwino. Ukadutsa pathunthu, mwezi umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho pa 17 umatuluka cha m'ma 8 koloko, ndipo pofika pa 21 umatuluka pakati pa usiku. Masiku 10 omaliza, amene mizikiti imadzaza kwambiri, ndiwo amene njira zimakhala zakuda koposa. Kumbukiraninso kuti Ramadhani imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Ya 2025 inali mu Malichi, ndipo ya 2026 ndi ya 2027 ndi ya mu Febuluwale ndi Malichi, nyengo ya mitambo, matope, udzu wautali ndi makhwawa odzaza, pamenenso nyale za sola sizitchaja mokwanira.

Tikupempha makomiti a mizikiti ndi a madrasa kuti mwezi wa Shabani usanathe ayende njira za ana awo kamodzi kokha madzulo, ana ali patsogolo. Mulembe malo atatu oipitsitsa, ndipo muyambe ndi amenewo. Musadikire mapolo a magetsi. Mutu umodzi susenza denga, koma makomo asanu otsatizana, lililonse litaloza babu limodzi kunjira, akhoza kutsegulira ana mudzi wonse. Ndipo inu amayi ndi abambo amene mumakhala m'mbali mwa njira, tabwererani pakhonde madzulo ngakhale kwa theka la ola, muzifunsa ana odutsa kuti ndi a yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tilembereni kudzera kwa mkonzi kutiuza mmene zilili kwanuko ndi zimene mwayesapo, zotheka ndi zolephereka zomwe. Ana nanunso lembani, mutiuze malo amene mumaopa ndi chifukwa chake. Makalata anu tidzawakambirana m'magazini ikubwerayi, Insha Allah.